Chipata: mzinda wopanda nyanja umene maso ake ali kudoko

Anthu ambiri amene amafika mumzinda wa Chipata sakhalitsa. Ena amatsika basi yochokera ku Lusaka madzulo, m'mawa mwake n'kulawirira ku Mfuwe kukaona nyama zakutchire. Ena ndi amalonda opita ku Lilongwe, pamene ena ndi oyendetsa magalimoto onyamula katundu amene amangoima kuti athire mafuta ndi kudya nsima asanafike pamalire a Mwami. Dzina la mzindawu likuoneka ngati likuwavomereza, pakuti m'Chinyanja chipata ndi polowera ndi potulukira, osati pokhala. Koma wodutsa mofulumira chotere amasiya m'mbuyo umodzi mwa mizinda yakale kwambiri m'dziko la Zambia, mzinda umene unali likulu la boma Lusaka asanaganiziridwe n'komwe.

Chipata ndi likulu la chigawo cha Kum'mawa. Mzindawu uli m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pamtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka, pomwe Lilongwe, likulu la dziko la Malawi, ali pa makilomita 140 okha kapena kuposerapo pang'ono. Manambala awiriwa akufotokoza zambiri za mbiri ya malowa. Kuyambira kale, anthu, katundu, zipembedzo ngakhale nkhondo zinkafika kuno kuchokera kum'mawa ndi kum'mwera, kumene kuli mtsinje wa Zambezi ndi nyanja yamchere ya India. Chipata alibe gombe, koma moyo wake wakhala wolumikizika ndi madoko a ku Mozambique kwa zaka zoposa 100.

Angoni, golide wosapezeka ndi nkhondo ya 1898

Eni nthaka akale a dera lino ndi Achewa, pamodzi ndi Ansenga kumadzulo ndi Akunda kuchigwa cha Luangwa. Angoni ndi obwera. Anachoka kum'mwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka, ndipo motsogozedwa ndi Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Tsikulo limadziwika bwino chifukwa dzuwa linadetsedwa masana, ndipo akatswiri a zakuthambo amatsimikiza kuti kadamsana anachitikadi mwezi umenewo. Zwangendaba anamwalira kutali, kudziko la Afipa m'Tanzania wa lero, ndipo mtundu unagawikana. Mwana wake Mpezeni anatembenukira kum'mwera, nakhala kanthawi pakati pa Ansenga, kenaka cha m'ma 1870 anadzakhazikika m'mapiri ozungulira pamene pali Chipata tsopano.

Kukhala pakati pa Ansenga kunasiya chizindikiro chimene mlendo amachimva ndi makutu ake. Ankhondo achingoni anakwatira akazi achinsenga, ndipo ana anakula ndi chilankhulo cha amayi awo. N'chifukwa chake Mngoni wa kwa Mpezeni lero amalankhula mawu oyandikana ndi Chinsenga, pamene Chingoni chenicheni cha makolo chinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu.

Tsoka linadza ndi mphekesera ya golide. Wamalonda wina wa ku Germany, Carl Wiese, amene ankagula minyanga ya njovu kwa Mpezeni, ananena kuti mfumuyo inampatsa chilolezo cha nthaka yaikulu ndi miyala yake. Chilolezocho chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inakhulupirira kuti pansi pa midzi ya Angoni pali chuma chonga cha ku Johannesburg. Anthu a kampaniyo anamanga linga lotchedwa Fort Young pakati pa dziko la Mpezeni. Mfumu yokalambayo inkafuna kuchita zinthu modekha, koma anyamata, motsogozedwa ndi mwana wake Nsingo, anaona kuti alendowo sanabwere kudzacheza.

Mu Januwale 1898 asilikali a Britain anafika kuchokera ku Nyasaland atanyamula mfuti za chiwaya ndi mizinga. Nthungo ndi zishango sizikanatha kulimbana ndi zida zotere. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni anadzipereka, anasungidwa kanthawi kunja kwa dziko lake, ndipo anamwalira mu 1900. Golide wochuluka amene anthu anafera uja sanapezeke.

Pa phulusa la nkhondo imeneyi ndi pamene panamangidwa tauni. Mu 1899 Robert Codrington, woyang'anira dzikoli m'malo mwa kampani ya British South Africa, anasamutsa ofesi yake kuchoka ku Blantyre kubwera kuno, ndipo malowa anatchedwa Fort Jameson pokumbukira Leander Starr Jameson, bwenzi la Cecil Rhodes. Kufikira 1911 Fort Jameson anali likulu la North-Eastern Rhodesia, dziko lalikulu lofika mpaka ku nyanja za Tanganyika ndi Mweru. M'chaka chimenecho dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia kupanga Northern Rhodesia, ndipo likulu linakhala Livingstone, kenaka Lusaka mu 1935. Dzina la Jameson linafafanizidwa Zambia atalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Ena amati dzina latsopanolo linachokera ku liwu lachingoni lonena za mpata waukulu pakati pa mapiri. Ena amangolimva monga limvekera m'Chinyanja. Matanthauzo onse awiri akuuyenera mzindawu.

Zaka za utsamunda sizinali zokoma kwa anthu akuda a kuno. Nthaka yabwino inapatsidwa kwa alimi achizungu amene anayamba kulima fodya, ndipo eni dziko anapanikizidwa m'madera opatulidwa mmene nthaka inaguga msanga. Msonkho wa nyumba unakakamiza amuna kuyenda pansi kupita ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. M'midzi yambiri ya kuno muli mabanja amene agogo awo anapita ku Halale osabwerako, amene ankatchedwa matchona. Ngakhale a Rupiah Banda, mtsogoleri wachinayi wa dziko la Zambia, amene analamulira kuyambira 2008 kufikira 2011 ndipo kwawo kunali kuno, anabadwira ku Gwanda m'dziko la Zimbabwe, kumene makolo awo anapita kukafuna ntchito.

Njira yopita kunyanja

M'masiku oyamba a Fort Jameson kunalibe msewu wopita kumadzulo. Nsalu, mchere, makalata ndi zipangizo zomangira zinkatsitsidwa padoko la Chinde, pamathiriro a Zambezi, n'kukwezedwa m'sitima zazing'ono za pamtsinje mpaka ku Tete, kapena kudzera mumtsinje wa Shire kulowera ku Blantyre. Kuchoka pamenepo katundu ankabwera pamitu ya anthu a mtengatenga, ulendo wa masiku ambiri. Amwenye oyamba kukhazikika m'dziko lino, Asilamu ochokera ku Gujarat, anafika ku Fort Jameson cha m'ma 1905 kudzera njira yomweyo ya kum'mawa. Msewu wa Great East unadzatsegulidwa pambuyo pake, ndipo mlatho waukulu wa pa Luangwa umene tikuwolokapo lero unamalizidwa mu 1968.

Ngakhale msewu wa ku Lusaka ulipo, nzeru ya malonda imalozabe kum'mawa. Mlimi wa nsawawa, thonje, soya kapena fodya wa ku Chipata ali kutali kwambiri ndi madoko a Dar es Salaam ndi Durban, kumene katundu wambiri wa Zambia amadzera. Doko la Nacala, limene lili ndi madzi akuya mwachilengedwe moti zombo zazikulu zimakocheza popanda vuto, lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,150 panjanji. Kusiyana kwa mtundaku kumalowa mumtengo wa thumba lililonse la feteleza limene mlimi amagula ndi la mbewu limene amagulitsa.

Ichi ndicho chinachititsa kuti mu 1982 iyambike ntchito yomanga njanji yochokera ku Mchinji kufika ku Chipata, pamene njanji ya Malawi inali itangofika kumene pamalire. Kutalika kwake ndi makilomita 27 okha, mtunda umene munthu wa njinga amaupalasa m'mawa umodzi, koma ntchitoyo inatenga zaka 28. Ndalama zinasowa, ndiponso nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inali itadula njanji ya ku Nacala. Pomalizira pake, mu Ogasiti 2010, a Rupiah Banda pamodzi ndi a Bingu wa Mutharika a ku Malawi ndi a Armando Guebuza a ku Mozambique anatsegula njanjiyo. Sitima yochoka ku Chipata imayenera kudzera ku Lilongwe, Salima, Nkaya ndi Liwonde, kuwoloka malire pa Nayuchi, kenaka Cuamba ndi Nampula mpaka kunyanja.

Tinene zoona, chisangalalo cha tsiku limenelo sichinabale zipatso zonse zimene zinalonjezedwa. M'zaka zotsatira sitima zinkayenda mwa apo ndi apo, ndipo kusefukira kwa madzi kunawononga njanji kangapo kumbali ya Malawi. Kwa zaka zambiri kwakhala kukunenedwa za doko lapamtunda, malo amene katundu wochokera kunyanja angamatsitsidwe, kuwerengedwa ndi kulipiridwa msonkho ku Chipata komweko, komanso za njanji ina yodzera ku Petauke kukalumikizana ndi TAZARA ku Serenje. Chimene chinatheka msanga ndi cha pamsewu. Msewu wochoka pamlatho wa Luangwa kufika pa Mwami unakonzedwanso, ndipo mu Disembala 2022 a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula malo amodzi ochitira zonse za pamalire a Mwami ndi Mchinji, kuti woyenda asamaime kawiri. Katundu wina amadzera pa Chanida kulowera ku Tete ndi ku doko la Beira.

Zimene mlendo angaone

Wofika kuchokera ku Lusaka amalandiridwa ndi chipilala chopindika pamwamba pa msewu, ndipo akangochidutsa amaona njinga. Chipata ndi mzinda wa njinga. Zimanyamula makala, nkhuku, mbuzi, mabokosi a tomato ndiponso anthu, okhala pa kampando kofewa kumbuyo. Kale kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inkalumikiza njinga za Eagle, zimene zinatchuka m'dziko lonse m'nthawi ya a Kenneth Kaunda. Fakitaleyo inaleka ntchito imeneyo, koma chizolowezi chinatsala, ngakhale kuti masiku ano njinga zamoto zikulanda malo.

Pakati pa malonda ndi ku Down Shops, kumene masitolo a mabanja achimwenye akhala kwa mibadwo ingapo. Kumeneko kuli zitenje, mbale, zitsulo za njinga ndi za makasu, ndipo pafupi pomwepo pali mzikiti waukulu umene nsanja zake zimaonekera patali. Msika wa Kapata ndi Saturday Market ndiyo malo oonerapo zimene nthaka ya kuno imabereka: nsawawa za Chalimbana zazikulu maso, nyemba, mbatata, mpunga wa kuchigwa, masamba ofutsa, ndi nsinjiro zotendera ndiwo. M'nyengo yachilimwe mumapezekanso mbewa zowamba, zimene Abemba amatiseka nazo chaka ndi chaka, ife n'kuwabwezera za anyani. Umenewo ndi chimbuya, ubale wa nthabwala umene unalowa m'malo mwa nkhondo zakale za mitundu iwiriyi, ndipo mlendo asadabwe akamva Mngoni ndi Mbemba akunyozana pamaliro popanda wokwiya.

Nsawawa si nkhani ya pamsika pokha. Pa Msekera, kunja pang'ono kwa mzinda, pali malo a boma ofufuzira za ulimi, ndipo mitundu ya nsawawa yodziwika ndi zilembo za MGV, imene alimi ambiri amabzala, inatenga dzina lake pamenepo.

Za nthawi ya Fort Jameson zatsala zochepa: tchalitchi chaching'ono cha njerwa cha St Paul's cha mpingo wa Anglican, bwalo la gofu limene lili m'gulu la akale kwambiri m'dziko muno, ndi nyumba zina za makhonde aakulu kumbali ya maofesi a boma. Mabwinja a Fort Young ali kunja kwa mzinda ndipo ndi otetezedwa ndi boma. Kunja komweko kuli mamishoni amene anabweretsa sukulu ndi zipatala. A mpingo wa Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899 kuchokera ku Nyasaland, ndipo dzina lakuti Magwero analisankha dala, pakuti pamenepo ndi pamene panayambira mpingo umene lero ndi Reformed Church in Zambia. Pa Magwero pali sukulu za ana osaona ndi osamva zimene zathandiza ana a m'zigawo zambiri. Madzimoyo anatsatira mu 1903. Pa Mwami pali chipatala cha mpingo wa Seventh-day Adventist chimene chimalandira odwala a mbali zonse ziwiri za malire. Akatolika ali ndi tchalitchi chachikulu cha St Anne's, kumene a Medardo Mazombwe anatumikira monga episkopi kwa zaka zoposa 20 asanapite ku Lusaka. Mu 2010 anakhala kadinala woyamba wobadwira m'Zambia.

Wofuna kuona mzinda wonse nthawi imodzi akwere phiri la Kanjala m'mawa dzuwa lisanawawe. Ali pamwamba adzaona Kapata, Kalongwezi, Mchini, Nabvutika ndi Magazine, ndi mmene nyumba zikukwerera m'mapiri. Adzaonanso chinthu chodetsa nkhawa. Mitengo imene inkaphimba mapiriwa yatha m'malo ambiri chifukwa cha makala, nkhuni ndi kumanga, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika ndi dothi ndi miyala kulowa m'misewu ndi m'mitsinje ya Lunkhwakwa ndi Lutembwe, kumene mzinda umadalira madzi. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda waukulu mu Febuluwale 2017 ndi a Edgar Lungu, wachisanu pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chipata. Anthu onsewa akufuna pomanga ndi chophikira, ndipo mapiri ndiwo akulipira.

Mlungu umene Chipata amadzaza mpaka malo ogona kusowa ndi wa Nc'wala, mwambo wa Angoni wolawa zipatso zoyamba za m'munda. Mwambowu unaleka pambuyo pa kugonja kwa 1898 ndipo unatsitsimutsidwa mu 1980. Umachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale pa Mtenguleni, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kulowera ku Katete. Masiku angapo tsikulo lisanafike, Inkosi ya Makosi Mpezeni imanyamuka kunyumba yake yachifumu ya Ephendukeni ku Feni, n'kudutsa pakati pa mzinda moperekezedwa ndi khamu, kupita ku Laweni kumene imabindikira. Pa tsiku lenilenilo magulu a impi ochokera kwa mafumu osiyanasiyana amavina ingoma atavala zikopa za nyama, zibonga ndi zishango zili m'manja, mapazi akugunda pansi mpaka nthaka kunjenjemera, amayi akuwomba m'manja ndi kuimba. Pachimake ng'ombe yamphongo yakuda imabayidwa ndi nthungo, ndipo mfumu imamwa magazi ake. Ingoma ya kuno ilibe ng'oma. Chimene chimamveka ndi mawu, manja ndi mapazi basi. Ku Feni kulinso nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa ndi dzina la Nsingo, yoyenera kuiona munthu asanapite ku Mtenguleni kuti amvetse chimene akukaonerera.

Achewa nawo ali ndi Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pa Mkaika m'boma la Katete. Mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzapereka ulemu ndi mitulo kwa Kalonga Gawa Undi, ndi kumuuza za mmene anthu ake akukhalira. Atsamunda anauletsa mwambowu mu 1934 ndipo unayambiranso mu 1984. Ndi pamenepa pamene munthu angaone Gule Wamkulu wa maiko atatu pabwalo limodzi, gule amene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse lapansi mu 2005. Tsiku limenelo malire amene anajambulidwa ku Ulaya amaoneka kuchepa mphamvu.

Pali zina zakale kuposa Angoni ndi Achewa omwe, zimene ngakhale anthu a mumzinda ambiri sanazione. M'mapanga ndi pansi pa matanthwe a Thandwe, Katolola ndi Zawi pafupi ndi Chipata, Mkoma ndi Makwe ku Katete, ndi Kalemba ku Chadiza, muli zithunzi zojambulidwa pamwala. Zofiira ndizo zakale kwambiri, ndipo amati anazijambula ndi Akafula, alenje amene analipo alimi asanafike. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau, monga zilili za ku Chongoni m'dziko la Malawi. Katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba pa Makwe, Thandwe ndi Kalemba, ndipo zimene anapeza zinasonyeza kuti anthu akhala m'dera lino kwa zaka zikwi zambiri. Malowa alibe zikwangwani zokwanira, choncho ndi bwino kuyamba mwaonana ndi a nyakwawa a mudzi wapafupi kuti akupatseni wokulondolerani. Musakhudze zithunzizo, kuzithira madzi kapena kulembapo maina.

Tsono kuli Luangwa. Kuchoka ku Chipata kupita ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo msewu umene kale unkathyola magalimoto tsopano ndi wa tara. Nkhalango ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050, inatetezedwa koyamba mu 1938 ndipo inakhala paki ya dziko mu 1972. Ndi kuno kumene Norman Carr anayambitsa zoyenda pansi ndi alendo kukaona nyama, ndipo cha m'ma 1950 anagwirizana ndi mfumu Nsefu ya Akunda kuti ndalama za alendo zizifikako kwa eni dera. Mtsinje wa Luangwa uli ndi mvuu ndi ng'ona zosawerengeka, ndipo pakiyi imatchuka ndi akambuku amene amaoneka usiku. Nyamalikiti wa kuno, wotchedwa ndi dzina la Thornicroft, sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'chigwa chimenechi. Chipembere chokha ndicho simudzachiona: opha nyama mozembera anachitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo zimene zinabwezeretsedwa kuyambira mu 2003 zili ku North Luangwa. Mlendo akumbukirenso kuti njovu imene iye akuijambula mokondwa ndi yomweyo imene usiku imadya chimanga cha mlimi wa ku Mambwe.

Nthawi yabwino yoonera nyama ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumadzi, ngakhale kuti Okutobala kuchigwa kumatentha koopsa. Chipata weniweni, pokhala pamtunda wa mamita oposa 1,100, amakhala wozizirirapo. Nzika za Zambia zimalipira ndalama zochepa polowa m'paki kusiyana ndi alendo akunja, choncho nyamulani chitupa chanu. Wobwera ku Nc'wala kapena ku Kulamba asungitse malo ogona kudakali milungu ingapo, ndipo wa ku Nc'wala asaiwale ambulera, pakuti Febuluwale ndi mwezi wa mvula.